Zolemba za thanki ya ramirezi ku Senga Bay: Febuluwale mpaka Okutobala

Zolemba izi ndi za ntchito yosunga nsomba ziwiri za mtundu wa Mikrogeophagus ramirezi, yaimuna ndi yaikazi, mu thanki yagalasi ya malita pafupifupi 90, pamodzi ndi tinsomba tina tosakonda ndewu. Thankiyo ili m'nyumba ku Senga Bay, ndipo funso limene ndikufuna kuyankha ndi lakuti: kodi nsomba yosachedwa kudwala ngati imeneyi ingakhale bwino ndi zinzake m'malo ochepa chonchi, kuno kumene madzi athu ndi osiyana kwambiri ndi a kwawo?

Febuluwale: madzi

Ramirezi ndi wa m'banja limodzi ndi chambo, utaka ndi mbuna, koma kwawo ndi ku South America, m'zigwa za mtsinje wa Orinoco ku Venezuela ndi Colombia. George Myers ndi Robert Harry ndiwo anaifotokoza koyamba m'mabuku a sayansi mu 1948. Siikula kupitirira masentimita 5 kapena 6, ndipo moyo wake ndi waufupi, kawirikawiri zaka 2 kapena 3. Kwawoko imakhala m'madambo ndi m'timitsinje tosaya tomwe dzuwa limatenthetsa tsiku lonse, ndipo madzi ake amakhala ndi mchere wa m'miyala wochepa kwambiri, pH yake (muyeso wa asidi m'madzi, umene umatsika asidi akachuluka) ili pansi pa 7. Mu thanki imafuna kutentha kwa madigiri 27 mpaka 30.

Nyanja yathu ya Malawi ndi yosiyana kwambiri. Madzi ake ali ndi pH ya pakati pa 7.7 ndi 8.6, ndipo nsomba zake zinazolowera zimenezo. Anthu a kuno amadziwa bwino za nsomba zamawangamawanga, chifukwa kampani imene malemu Stuart Grant anayambitsa ku Kambiri Point yakhala ikutumiza mbuna kunja kwa dziko kwa zaka zambiri, ndipo zilumba za Maleri, zomwe zili mbali ya Lake Malawi National Park, timaziona tikaima pagombe. Mwina n'chifukwa chake aliyense amene wamva za ntchitoyi akundilangiza zofanana: kungotunga madzi kunyanja, popeza nsombayo ndi mbale wake wa mbuna. Malangizowo ndi a mtima wabwino, koma ndi olakwika, ndipo ntchito yonse ya mwezi uno yakhala yopeza madzi amene si a m'nyanja.

Ndinayeza madzi a mitundu itatu. A pampopi anasonyeza pH yoyandikira 8, ndipo monga madzi onse oyeretsedwa ali ndi klorini. A pamjigo wapafupi anasonyeza mchere wa m'miyala wochuluka kuposa a pampopi, choncho ndinawachotsa pa mndandanda. A mvula anasonyeza pH ya pafupifupi 6.5, opanda mchere uliwonse woyezeka. Madzi a mvula okha ndi oopsa m'njira yawoyawo, chifukwa alibe mchere umene umagwira pH kuti isagwe mwadzidzidzi, ndipo nsomba zikayamba kutulutsa zonyansa pH imatha kutsika kwambiri pa masiku ochepa. Choncho ndasankha kusakaniza magawo awiri a madzi a mvula ndi gawo limodzi la a pampopi othiridwa mankhwala ochotsa klorini. Osakanizawo akusonyeza pH ya 6.8 mpaka 7.0.

Madzi a mvula ndikuwasunga m'migolo iwiri yapulasitiki ya malita 200 uliwonse. Oyamba kutsika padenga ndimawasiya apite, chifukwa amakhala atatsuka fumbi, mwaye ndi zitosi za mbalame pa malata. Migoloyo ndi yovundikira bwino, poopa udzudzu. Powerengera, ngati sabata iliyonse ndisintha malita 20, ndidzafuna malita 13 a madzi a mvula pa sabata, ndipo kuyambira Epulo mpaka mvula yoyamba ya Novembala pakufunika malita oposa 400. Migolo iwiriyi ili pamalire penipeni.

Malichi: mchenga, fyuluta ndi kudikira

Ramirezi amadya pansi, akutola mchenga m'kamwa, kusefa chakudya n'kulavula wotsalawo, choncho amafuna mchenga wosalala, osati timiyala takuthwa. Mchenga wa pagombe ndi wokongola, koma uli ndi tizidutswa ta zigoba za nkhono, zomwe zimasungunuka pang'onopang'ono n'kubwezera m'madzi mchere womwe ndavutikira kuuchotsa. Kuyesa kwake n'kosavuta: ukadonthetsera viniga pa mchenga kapena pa mwala n'kuona thovu, chinthucho sichiyenera kulowa mu thanki. Wa pagombe unachita thovu. Ndagwiritsa ntchito mchenga woyera wogula, wosefera madzi a m'madamu osambira, wotsukidwa mpaka madzi otsukira atayera. Ndaikamo miyala iwiri yafulati yosachita thovu, chitsa chouma chomwe chinaviikidwa m'madzi mpaka chitamira, ndiponso zomera za Anubias ndi Java fern, zomwe zimapirira madzi ofunda ndi kuwala kochepa. Chitsacho ndachiika pakati, kuti nsomba imene ili mbali imodzi isamaone ya mbali inayo.

Fyuluta, chosefera madzi, ndi ya siponji, yoyendera pampu ya mpweya. Ndinaisankha pa zifukwa ziwiri: siikokomeza madzi, pomwe ramirezi sakonda mafunde, ndipo pampu yake ikhoza kuyendera batire magetsi akazima. Chotenthetsera madzi ndi cha mawati 100.

Mwezi wonse thanki yakhala yopanda nsomba. Zonyansa za nsomba ndi chakudya chowola zimatulutsa ammonia, imene ndi poizoni. Mabakiteriya ena amaisandutsa nitrite, imenenso ndi poizoni chifukwa imalepheretsa magazi kunyamula mpweya, ndipo ena amasandutsa nitriteyo kukhala nitrate, imene nsomba zimatha kuipirira ikakhala yochepa. Mabakiteriyawa amatenga masabata 4 mpaka 6 kuti achulukane mu siponji. Ndakhala ndikuponyamo chakudya pang'ono tsiku ndi tsiku kuti chiwole, n'kumayeza. Ammonia inakwera n'kutsika, nitrite inatsatira, ndipo kumapeto kwa mwezi zonse ziwiri zinali pa 0, nitrate ili pa mamiligalamu 10 pa lita.

Epulo: kusankha anzake

Apa m'pamene ndinakhalitsa. Ogulitsa ambiri amaika nsomba m'magulu awiri okha, zandewu ndi zofatsa, ngati kuti zofatsa zonse zingakhale pamodzi. Kwa ramirezi muyeso woyamba si khalidwe ayi, koma kutentha kwa madzi. Nsomba zambiri zofatsa za m'mathanki zimakhala bwino pa madigiri 23 mpaka 26, ndipo zikasungidwa pa 28 kwa miyezi yambiri zimafooka n'kufa msanga. Ukatsitsa kutentha kuti izo zisangalale, ramirezi ndiye amafooka n'kugwidwa matenda. Pa chifukwa chimenechi neon tetra, ngakhale ndi yotchipa ndiponso yopezeka mosavuta, ndinaisiya, pamodzi ndi zebra danio ndi mitundu yambiri ya Corydoras, tinsomba tandevu todya pansi. Guppy ndi molly zimakonda madzi a mchere wa m'miyala wochuluka, ndipo zikanakhala bwino m'madzi athu a pampopi kusiyana ndi osakanizawa. Tiger barb imaluma zipsepse za zinzake ndipo imadya mwaphuma, moti nsomba yodya modekha pansi ikhoza kugona ndi njala chakudya chikuponyedwa tsiku lililonse. Za mbuna palibe chokambirana: madzi ake ndi ena, chakudya chake n'china, ndipo mbuna imodzi ikhoza kupha ramirezi mu thanki yaing'ono ngati iyi.

Zotsala zinali zochepa. Ndasankha cardinal tetra 10, zomwe zimachokera ku Rio Negro ndi kumtunda kwa Orinoco ndipo zimakonda madzi ofunda omwewa, ndi Corydoras sterbai 6, umodzi mwa mitundu yochepa ya Corydoras yopirira kutentha. Ma tetra ali ndi ntchito yoposa kukongoletsa: ramirezi akaona tinsomba tikusambira momasuka pamwamba pake amadziwa kuti kulibe mdani, ndipo amatuluka m'malo obisala. Pa sterbai ndinali ndi chikaiko, popeza nazonso zimakhala pansi, ndipo pansi pa thankiyi ndi masentimita 80 m'litali ndi 35 m'lifupi basi. Ndaziika chonchobe kuti ndione, chifukwa anthu ambiri amasunga mitundu iwiriyi pamodzi.

Nsombazi zinachokera ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 120, zili m'matumba apulasitiki oikidwa m'bokosi losalowa kutentha. Madzi a kusitolo anali ndi pH yokwererapo kuposa anga, choncho ndinazizoloweza pothira madzi a mu thanki pang'onopang'ono m'chidebe chawo kwa nthawi yoposa ola limodzi, kenako n'kuzisamutsa ndi kaukonde, madzi a kusitolo osalowa nawo.

Meyi: ramirezi alowa

Ramirezi alowa pomaliza, thanki itakhala ndi nsomba zina kwa mwezi wathunthu popanda ammonia kapena nitrite kuonekanso. Nsomba imeneyi siyenera kulowa mu thanki yatsopano, ndipo ndikukhulupirira kuti mbiri yake yakuti imangofa popanda chifukwa imachokera kwambiri pamenepa, komanso pa kuwetedwa mochuluka m'mafamu momwe nsomba zofooka zimaswanitsidwa chifukwa cha mtundu wowala. Posankha ndinasiya zagolide, zabuluu wowala kwambiri ndi zamimba yofufuma zija, n'kutenga za mtundu wachibadwa, zamimba yodzaza bwino, zopuma modekha, zomwe zinali kale kuyenda ziwiriziwiri n'kumathamangitsa zinzake pa ngodya imodzi ya thanki ya kusitolo. Yaikazi imadziwika ndi mimba yofiirira ndi timadontho tabuluu mkati mwa banga lakuda la m'nthiti, pomwe yaimuna imakhala yokulirapo, ya minga yaitali kutsogolo kwa chipsepse cha pamsana.

Zisanalowe mu thanki yaikulu zinakhala kwa masabata angapo mu kathanki kapadera ka malita 30, kuti ngati zabwera ndi matenda a timadontho toyera, oyambitsidwa ndi kachilombo ka Ichthyophthirius, zisapatsire zinzake. Sizinaonetse chilichonse. Zitasamutsidwa zinazilala mtundu n'kubisala kuseri kwa chitsa, koma zitayamba kudya mtundu unabwerera. Chakudya chake ndi timibulu tating'ono tomira, ndipo nthawi zina mphutsi za udzudzu zomwe ndimazipeza ndi kaukonde m'madzi oima a kuseri kwa nyumba ndisanawakhuthule. Zimazikonda kwambiri, koma sindingasiye madzi dala kuti udzudzu uswane, kuno kunyanja kumene malungo sasowa pakhomo.

Juni ndi Julayi: mwera ndi magetsi

Anthu a kumtunda amaganiza kuti ku Salima sikuzizira. Mwera ukamaomba, usiku ndi m'bandakucha kumazizira ndithu, ndipo m'chipinda momwe muli thanki kutentha kumatsika pansi pa madigiri 20. Magetsi akakhalapo palibe vuto, thanki imakhala pa 28. Akazima usiku, madzi amatsika ndi madigiri angapo kusanache, ndipo tsiku lina m'mawa ndinapeza ali pa 24, ramirezi onse awiri atapinda zipsepse, atakhala phee pamchenga, pomwe ma tetra ndi sterbai zinkayenda ngati palibe chachitika. Kusiyana kwa kupirira kwawo kunaonekera poyera m'mawa umenewo.

Zimene ndachita ndi izi. Kumbuyo, m'mbali ndi pansi pa thanki ndamata zidutswa za kaylite zochokera m'makatoni a katundu. Magetsi akangozima ndimafunditsa thanki yonse bulangete, ndipo akachedwa kubwera ndimayandamitsa mabotolo apulasitiki otseka bwino a madzi otenthetsedwa pambaula. Kuthira madzi otentha mwachindunji sikoyenera, chifukwa kukwera kwadzidzidzi kumavulaza mofanana ndi kutsika. Pampu ya mpweya ndailumikiza ku batire ya sola, ndipo ichi n'chofunika kuposa kutentha kumene, chifukwa mabakiteriya a mu siponji amafuna mpweya, ndipo madzi akasiya kuyenda kwa maola ambiri amayamba kufa, ammonia n'kubwerera. Chiyambireni kuchita zimenezi madzi sanatsikenso pansi pa 26. Magetsi akazima nthawi yaitali sindiponya chakudya. Nsomba yathanzi siivutika ndi tsiku limodzi la njala, koma chakudya chotsala chimaipitsa madzi.

Wina amene amagwira ntchito yosambira pansi pa nyanja kugwira mbuna anabwera kudzaona thankiyi, ndipo atayang'ana bulangete ndi mabotolowo anati, "Achimwene, nsomba yofunditsidwa bulangete imeneyi mwaitenga kuti, nyanja yonseyi ili pakhomo panu?" Funso lake lili ndi nzeru. Munthu wa kuno amene akufuna thanki yosavuta angachite bwino kusunga nsomba za madzi ofanana ndi athu, kapena mbale wake wa ramirezi wa ku Bolivia, Mikrogeophagus altispinosus, amene amapirira madzi ozizirirapo ndiponso a mchere wochulukirapo.

Tinakambirananso za kumene ndimataya madzi osintha. Onse amapita kudimba la kuseri, kutali ndi ngalande yolowera kunyanja, ndipo nsomba ikafa imakwiriridwa. Nsomba yachilendo, mazira ake, nkhono kapena chomera cha mu thanki siziyenera kufika m'nyanja yomwe ili ndi mitundu mazanamazana ya nsomba zosapezeka kwina kulikonse. Zimene zinachitika ku nyanja ya Victoria, kumene Nile perch inalowetsedwa m'zaka za m'ma 1950 n'kutha mitundu yambiri ya nsomba za m'banja lomweli, n'zokwanira kutichenjeza.

Ogasiti: mazira ndi nkhondo ya pansi

Kumayambiriro kwa mwezi awiriwa anayamba kutsuka mwala umodzi wafulati ndi pakamwa, mimba ya yaikazi itafiira kwambiri, ndipo madzulo ena yaikazi inaikira mazira m'mizere, yaimuna ikutsatira pambuyo kuwathirira umuna. Mtundu umenewu umaikira mazira 150 mpaka 300, omwe pa kutentha kumeneku amaswa pa masiku 2 kapena 3, ndipo ana amayamba kusambira patapita masiku ena pafupifupi 5. Makolo onse awiri amasinthana kupepesera mazira ndi zipsepse ndi kuchotsa oyera omwe afa.

Apa chikaiko cha mu Epulo chinayankhidwa. Ma tetra anaphunzira msanga: atathamangitsidwa kangapo anasamukira kumtunda, mbali ya kutali ndi mwala, ndipo nkhani inathera pomwepo. Sterbai siziphunzira malire. Zimayenda pansi zikufufuza ndi ndevu zawo, zimalowa m'dera la mazira, zimamenyedwa, zimachoka, ndipo pakapita mphindi zochepa zimabwereranso. Ramirezi anathera mphamvu zawo zonse pa kuthamangitsa, osadya bwino, ndipo yaimuna inayamba kulusira ngakhale yaikazi. Usiku, nyali zitazima ndipo makolo akuodzera, sterbai zimakhala zili maso, ndipo m'mawa wachiwiri mwala unali mbee. Sindingaziimbe mlandu zokhazo, chifukwa ramirezi achichepere amadziwika kuti amadya mazira awo akasokonezedwa, koma kusokonezako kunachokera kwa izo. Sterbai imodzi inapezeka ndi chipsepse chong'ambika.

Ataikiranso mazira patapita masabata ochepa, ndinasiya kanyali kofooka kakuyaka usiku kuti makolo aziona, ndipo mazira anaswa. Makolo anasamutsira ana m'kadzenje komwe anakumba mumchenga, koma atangoyamba kusambira ma tetra anawatola mmodzimmodzi. Choncho maganizo anga pakali pano ndi akuti funso la kugwirizana lili ndi mayankho awiri. Ngati cholinga ndi kungosunga ramirezi athanzi ndi okongola, cardinal tetra ndi anzawo abwino, ndipo sterbai zikhoza kupiriridwa mu thanki ya pansi potakata, mwina mita imodzi kapena kuposerapo. Ngati cholinga ndi kulera ana, awiriwa ayenera kukhala okha. Mu thanki ya masentimita 80, pansi ndi pa ramirezi awiri basi, ndipo kuwonjezera yaimuna ina kungakhale kuitumiza kukafa.

Sterbai ndazisamutsira mu thanki ina ya mnzanga wa ku Salima boma. Chichokereni izo, yaimuna yasiya kulusira yaikazi, ndipo nitrate, imene inkafika pa 20 sabata isanathe, tsopano ikukhala pafupi ndi 10.

Seputembala

Palibe chachilendo. Ndikusintha malita 20 sabata iliyonse ndi madzi ofundidwa kufanana ndi a mu thanki, ndikukoka zonyansa za pamchenga ndi kapaipi, ndipo siponji ndimaifinyira m'madzi ochotsedwa mu thanki, osati a pampopi, omwe klorini wake angaphe mabakiteriya. Tetra imodzi inafa popanda chizindikiro cha matenda pa zinzake. Mgolo woyamba unatha kale, wachiwiri uli pansi pa theka.

Okutobala: kutentha ndi kuchepa kwa madzi

Vuto latembenuka. Masana madzi akufika pa madigiri 31, nthawi zina 32, chotenthetsera chili chozima. Ramirezi akupirira kuposa ma tetra, koma madzi ofunda amasunga mpweya wochepa, pafupifupi mamiligalamu 7.5 pa lita pa madigiri 30 poyerekeza ndi 9 pa madigiri 20, pomwe nsomba ndi mabakiteriya zimafuna wochuluka kukatentha. Ndachotsa kaylite, ndachotsa chivundikiro n'kuikapo ukonde kuti nsomba zisalumphe, ndawonjezera mphamvu ya pampu, ndafupikitsa maola a nyali, ndipo kafani kakang'ono kakuuzira pamwamba pa madzi, zomwe zikutsitsa kutentha ndi madigiri pafupifupi 2.

Kuuzirako kuli ndi mtengo wake, umene sunali m'mawerengero a mu Febuluwale. Madzi akuuma malita angapo pa sabata, ndipo madzi akamauma mchere umatsalira, choncho obwezeretsa ayenera kukhala a mvula okhaokha. Kubwezeretsa ndi a pampopi kungachititse mchere kuunjikana sabata ndi sabata. Mu mgolo mwatsala malita osakwana 60. Ndasankha kusintha kasakanizidwe pang'onopang'ono, kuchoka pa magawo awiri kwa limodzi kupita pa theka ndi theka, ndikulola pH kukwera kufika pa 7.2 kapena 7.3 m'masabata angapo, m'malo mochepetsa kusintha madzi. Ramirezi owetedwa m'mathanki amapirira pH yokwererapo pang'ono ikakhala yokhazikika kusiyana ndi nitrate yochuluka, ngakhale mazira mwina saswa bwino m'madzi otere. Pamafunika kusamala kwambiri ndi chakudya pa nthawi imeneyi, chifukwa ammonia imakhala yoopsa kwambiri pH ndi kutentha zikakwera pamodzi.

Pofika lero pH ili pa 7.1, ammonia ndi nitrite pa 0, nitrate pa 10, ramirezi onse awiri akudya ndipo ma tetra 9 ali bwino. Mgolo wachitatu ndagula kale ndipo ukudikira pansi pa ngalande ya denga. Mvula yoyamba sindidzatunga chifukwa cha fumbi ndi utsi wa chilimwe chonse umene uli pa malata, choncho malita otsalawa ayenera kufika mpaka mvula itakhazikika. Kathanki ka malita 30 kaja ndayamba kukakonza, ndi siponji yachiwiri yomwe ikukhwimira mu thanki yaikulu, kuti madzi atsopano akapezeka awiriwa akaikire mazira kwaokha.